Nachinayi ndi Chitunda cha Apongozi

Tsiku limene anamuchotsa m'kalabu yothamanga, Nachinayi anatuluka pageti la bwalo atanyamula sokosi zokha m'manja. Nsapato zinali za kalabu, ndiye anazisiya patebulo la kochi pamodzi ndi khadi yolowera. Kochiyo sanadzutse n'komwe mutu.

"Miyendo uli nayo, chemwali, koma mapeto ulibe. Kuzungulira komaliza umazima ngati kandulo. Kazisita zovala, ndi zimene ukutha."

Dzina la Nachinayilo sanabadwe nalo ayi. Chaka ndi chaka kunkachitika mpikisano wa mamita 5,000 wosankhira timu ya dziko. Aliyense ankaloledwa kulembetsa, koma ankatenga atatu oyamba basi, ndipo iye zaka zitatu zotsatizana anafika wachinayi. Pakamwa pa anthu mukupadziwa: dzina linamera mizu, moti ngakhale anzake a m'chipinda chositira zovala kuhotela kumene ankagwira ntchito ankamuitana choncho. Tsopano anali ndi zaka 24, pamene timuyo sinkalandira wachilendo wofika zaka 25. Mwayi unatsala umodzi wokha, miyezi isanu ndi itatu kutsogolo, koma pophunzirira analibe.

Analira, tisabise. Analira mpaka maso psuu, atakhala pakhonde pa malume ake, amene anamulera mayi ake atamwalira. Malumewo ankayendetsa buludoza pamalo pophwanya miyala. Anali munthu wamimba yake, woti sanathamangepo ngakhale pothawa mvula.

"Wamaliza kulira?" anafunsa malumewo. "Vuto n'chiyani, bwalo? Bwalo si dothi lomweli? Ine dothi ndimalikankha tsiku ndi tsiku."

Abwana awo anawabwereka makinawo Loweruka limodzi masana, pamodzi ndi malo akuseri kumene ankatayako dothi losafunika. Malume anakankha, anasalaza, anazungulira, koma mafuta anatha milu itatu ya dothi idakali chiimire panjirapo. Anangoiguguda pamwamba kuti phazi lizipondapo bwino, n'kuyeza njira yonse ndi chingwe cha kuntchito. Inakwana mamita 400 ndendende.

Nachinayi atafika kudzaona anangogwira pakamwa.

"Malume, limeneli ndi bwalo kapena msana wa ngamira?"

"Walira mvula, walira matope. Tayamba, tikuone."

Zitundazo malume anazipatsa mayina. Choyamba chinali Kamwana, poti chinkangokukoka chovala. Chachiwiri Mlamu, chooneka chochezeka koma nthabwala zake zowawa. Chachitatu, chachitali ndi chotsetsereka, anachitcha Apongozi, chifukwa palibe ankafika pamaso pake asanawerame.

Ndiyetu ntchito inayambika. M'mawa uliwonse Nachinayi ankazungulira bwalolo atavala nsapato zakale za sukulu, kenako n'kukaima tsiku lonse ndi simbi m'manja, akatumba akuwotcha kuposa simbiyo. Mvula ikagwa ankatsika Mlamu ndi matako. Oyendetsa malole a miyala ankaimitsa galimoto dala kuti aseke. Malume ankakhala pamgolo wakale ndi foni, kuwerenga masekondi n'kumawalemba ndi choko pamgolopo.

Apa ndi pamene awiriwa analakwitsa, poti wina anali wosita zovala, wina wokankha dothi, ndipo kochi panalibe. Ankafanizira nthawi ya pazitundayo ndi nthawi ya pabwalo losalala la kalabu lija. Kumeneko Nachinayi ankazungulira kamodzi m'masekondi 80. Kuno, patatha miyezi isanu ya thukuta, choko chinkanenabe 96. Sizinawadzere m'mutu kuti chitunda chimadya masekondi. Iye ankangoona kuti wabwerera m'mbuyo, ndipo mtima unayamba kumuchoka.

Tsiku lina, pa kuzungulira kwa chisanu ndi chinayi, anaima pamwamba pa Apongozi manja ali m'chiuno, n'kuyamba kukalipa.

"Malume, basi, ndatopa nazo! Miyezi isanu ndikukwera milu yanuyi ngati mbuzi, anthu akundiseka, mawondo akundiwawa, nthawi sikusuntha n'komwe, ndipo kochi uja ankanena zoona, inuyo mwandipusitsa, za kuthamanga simuzidziwa!"

Malume anayang'ana m'mwamba kukamwa kuli yasaa. Kenako anaphulika chiseko mpaka kugwa pamgolo paja.

"Tabwereza, iwe! Mwezi woyamba, pamalo waimapo, sunkatha kunena ngakhale kuti 'madzi'. Unkangoti wefuwefu. Lero wandilalatira ndime yonse osameza malovu!" Anadzuka, n'kufufuta manambala onse a pamgolo ndi chigongono. "Wopusa ndine. Ine buludoza ikamakwera mtunda dothi lili patsogolo, sindiyang'ana wotchi, ndimamvera injini. Injini yakoyi yakula, mwana wa mlongo wanga."

Kuyambira tsiku limenelo foni inakhala m'thumba, ndipo panabwera lamulo latsopano. Ulendo uliwonse akafika pamwamba pa Apongozi, Nachinayi ankayenera kupereka moni wathunthu osachepetsa liwiro: "Mwadzuka bwanji, apongozi? Nanga ana kunyumba?" Moniwo ukaduka pakati, malume ankakuwa kuti, "Mwano umenewo! Bwereza!" Poyamba unkaduka pa kuzungulira kwa khumi. Pofika mwezi wachisanu ndi chitatu ankafunsa za ana, za nkhuku ndi za mutu wa apongozi womwe, mpweya n'kutsalako.

Tsiku la mpikisano linakwana. Pamzere woyambira panali atsikana khumi ndi asanu ndi atatu, ambiri mwa iwo a kalabu ija, nsapato zili waliwali. Wina anamuyang'ana kumapazi n'kunong'oneza mnzake. Nachinayi anali ndi mantha, chifukwa ankadziwa kuti akaphonya lero palibenso chaka china.

Mfuti inalira. Mamita oyamba bwalolo linamusokoneza ndi kusalala kwake. Miyendo inkadikira Kamwana, Kamwana osabwera. Inadikira Mlamu, zii. Anazungulira kasanu, kachisanu ndi chitatu, kakhumi, akudabwa kuti kodi ntchitoyo iyamba liti. Atsikana ankatsalira mmodzimmodzi.

Belu la kuzungulira komaliza litalira, patsogolo pake panali anthu atatu. Malo ake a masiku onse! M'mipando ena anayamba kale kuimba dzina lake moseka. Apa ndi pamene ankazimira zaka zonse zija. Koma anamva mmene atatuwo ankapumira, befu lokhalokha, pamene chifuwa chake chinali phee. Pakati pa phokoso lonselo panatuluka mawu a munthu wozolowera kukuwa pamwamba pa injini:

"Apongozi kulibe lero, iwe! Dutsa!"

Amayi inu, liwiro lake! Anamudutsa wachitatu pokhota. Wachiwiri anayesa kumukakamira masitepe khumi, n'kugonja. Woyamba, mtsikana wamtali amene sanagonjepo pabwalolo, anatembenuka kuti aone akubwera ndani, ndipo pomwe ankabweza mutu n'kuti akuona msana. Bwalo lonse linaimirira. Nachinayi anadutsa mzere womaliza yekhayekha, ndipo sanaime, poti thupi silinakhulupirire kuti zatha. Anachita kumugwira ndi akuluakulu awiri a mpikisano, atapitirira mamita makumi atatu.

"Mayi, mwapambana! Mukupita kutinso?"

Anagwada pansi n'kulira, koma kulira kwa ulendo uno kunali kokoma. Malume anatsika m'mipando akugubuduka, n'kumunyamula juu ngati mwana wakhanda, nkhope yawo ili chonyowa. Wolemba mayina a timu anafika ndi pepala, n'kufunsa kuti mtsikanayu amaphunzitsidwa ndi ndani.

"Lembani kuti woyendetsa buludoza," anatero Nachinayi.

Inu amene mukuwerenga, mwina nanunso mwakhala mukukwera mtunda miyezi yambiri, n'kumadziyeza ndi anthu othamanga posalala. Mukuona ngati simukusuntha, pamene mphamvu ikukula mkati mwanu mwakachetechete. Musadziweruze msanga, abale anga. Limbani mtima, mawa m'mawa mudzukenso mukakwere, ndipo chonde musausiye panjira ulendo wanuwo.