Mng'ono Wanga pa Maseva Onse

Kuwerenga ndinakuphunzira imvi zitamera kale, kusukulu ya kwacha, ndiye anandilemba umesenjala ku bungwe la alimi a mpunga pa boma. Bungweli lili ndi maofesi ku Ngala, Kanyenda ndi Dwambazi, ndipo ofesi iliyonse ili ndi kompyuta yaikulu yosunga zonse, yomwe amati seva.

Pa seva ya pa boma ndinkasungapo mng'ono wanga. Anamwalirira ku Dwambazi atadwala nthawi yaitali, ndipo chimene anandisiyira ndi mawu amene ananditumizira pafoni: "Achimwene, mubwera liti? Nsomba zikuuma kuno." Foniyo inafa, mawuwo anatsala pa kamemori kadi. Kalaliki wina anandiikira paseva, ndipo ndikamaliza kusesa ndinkawamvera.

Kenako bungwe linalemba mwana wa mlongo wanga kukhala woyang'anira makompyuta. Iye anabwera ndi pulogalamu yolondera mavairasi. Ndinakonzeka kumunyamulira chikwama mpaka ku Dwambazi, koma anandiseka.

"Amalume, siyendedwa imeneyi. Ndilemba lamulo limodzi pano, maseva onse amvera. Wina akasintha kanthu, makina abweza okha mmene lamulo likunenera."

Anadina. Ku Ngala mlonda wa mavairasi uja analowa, ku Kanyenda analowa, konseko. Ntchito yoyamba ya mlondayo inali kumanga mng'ono wanga.

Akuti kadi ija inali ndi vairasi, ndiye chilichonse chochokera mmenemo anachitsekera kwachokha, monga ankachitira ndi odwala nthawi ya Kovidi. Ndinatenga kadi n'kumubwezeretsa. Ndisanamalize tiyi, anali atamuchotsanso. Ndinamuika, anamuchotsa. Ndinamusintha dzina kukhala "Mitengo ya feteleza", anamuzindikirabe. Tsiku lina ndinapezeka ndikuipatsa moni seva ija ndi manja awiri.

"Mwandimangira amalume anu," ndinamuuza mwana wa mlongo wanga uja.

"Amalume ake ati? Si inu muli panowu?"

Nditamufotokozera anawafunafuna mawuwo, poti nayenso ankawadziwa. Anawayeretsa, n'kuwalemba m'lamulo lija kuti asachotsedwenso. Koma anali ndi changu, magetsi anali pafupi kuzima, ndiye mzerewo anaulemba pa gawo la maseva onse m'malo mwa ya pa boma yokha.

Mmawa mwake foni inalira. Anali kalaliki wa ku Kanyenda.

"Madala, kodi bambo akundifunsa kuti ndibwera litiyu ndi ndani? Ndamufufuta, wabweranso. Ndamufufutanso, uyu ali apa!"

Wa ku Ngala anati poyamba anachita mantha, kenako anazolowera, moti mmawa uliwonse ankatsegula n'kuyankha kuti, "Mawa, bwana, mawa." Ndinaseka nawo. Koma yankho limenelo ndinkalidziwa bwino.

Mayi wa muofesi ya ku Dwambazi sanaseke. Anati mawuwo wawazindikira, ndi a bambo aja ankakhala kuseri kwa chigayo, ndipo manda awo amera thengo.

Abwana analamula kuti munthuyo achoke m'makompyuta a bungwe Lachisanu lisanafike. Mwana wa mlongo wanga anandiitana, chala chili pa batani.

"Amalume, ndakuikirani mawu aja pa foni yatsopano. Koma ndikafufuta mzerewu, achoka konse nthawi imodzi. Ndidine?"

Ndinamufunsa ngati lamulo lake lingalole kuti seva imodzi itsalire pang'ono.

"Lingalole. Iti?"

"Ya ku Dwambazi. Mpaka ndikafike."

Anandiyang'ana, n'kulemba kamzere kena. Ku Ngala ndi ku Kanyenda mng'ono wanga anachoka masana omwewo. Kalaliki wa ku Ngala anadandaula kuti muofesi mwachita zii.

Lachinayi ndinakwera minibasi, khasu lili pansi pa mpando. Mayi wa ku Dwambazi ananditsegulira seva, mawu aja n'kutuluka, kufunsa funso lawo lomwe lija.

"Ndabwera," ndinatero.

"Ndiye ndiwaimbire a makompyuta aja kuti adine?" anafunsa mayiyo.

Ndinati adikire kaye ndikalambule manda.