Malemu Gwakisa Akulowabe mu Seva

Amalonda a mpunga makumi awiri ndi atatu, malole anayi, seva imodzi. Sevayo ndi kompyuta yakale imene Gwakisa Mwaipungu anagula ku Dar es Salaam n'kuiika pa shelefu kuseri kwa sitolo yake ku Mbeya, pamwamba kuti makoswe asamadye mawaya. M'menemo wamalonda aliyense anali ndi foda yake yosungamo manambala a ogula ake a ku Dar ndi ku Dodoma. Gwakisa ndiye ankagawa zilolezo. A gulu la mpunga ankaona foda yawoyawo ndi ya mitengo, a gulu la malole ankangoona kumene katundu akupita. Akaunti ya Gwakisa yokha ndiyo inkatsegula paliponse.

Mkazi wake Atupakisye, amene pamsika amamutcha amake Tusa, anaidziwa ntchitoyi poyang'anira kumbuyo kwa mwamuna wake uku akusankha mpunga m'lichero. Ankatha kulowetsa munthu m'gulu, kumuchotsa, ndi kuwerenga tsamba losonyeza amene walowa ndi zimene wachita.

Gwakisa anamwalira pa ngozi ya basi mpunga wa ku Kyela utangoyamba kufika. Amake Tusa anakakhala pamphasa kumudzi ku Tukuyu, koma malonda sakanadikira. Pamaliro pomwepo mkulu wake wa malemu, bambo Lusekelo, anapempha mawu achinsinsi olowera mu akaunti ya Gwakisa kuti munthu mmodzi azisintha mitengo. Mmodziyo anauza mnzake, mnzakeyo anauza wa lole. Pamaliro samanana kanthu.

Atabwerera kusitolo, amake Tusa anatsegula tsamba lija. Gwakisa walowa. Gwakisa wakweza mtengo wa thumba. Gwakisa watsegula foda ya mayi Ndimbumi. Ankadziwa bwino lomwe kuti ndi anthu amoyo amene akulowa ndi dzina lake. Komabe mawa lake anatsegulanso. Kenako chinakhala chizolowezi: asanatereke tiyi ankayamba waona ngati mwamuna wake wadzuka kale. Masiku ena ankapezeka kuti walowa malo atatu nthawi imodzi, iye amene ali moyo ankachedwa ngakhale kutchalitchi.

Lachiwiri lina mayi Ndimbumi, wamalonda wamkulu pagululo, analowa m'sitolo osapereka moni. Wogula wawo wakalekale wa ku Dodoma anali ataimbiridwa foni ndi munthu wina womulonjeza mpunga wotsika mtengo. Nambalayo inkapezeka m'foda mwawo mokha.

"Amake Tusa, amuna anu anali munthu wabwino ali moyo. Bwanji ayamba kuba atafa?"

Amene anali pakhomo anaseka pang'ono n'kusiya msanga. Wakubayo sakanadziwika, poti tsambalo linkangonena Gwakisa. Mayi Ndimbumi ananena kuti zikapanda kukonzedwa malole a Loweruka asananyamuke, iwo ndi anzawo asanu ndi atatu achoka. Amake Tusa anawerengera mumtima: otsala khumi ndi anayi sangadzaze malole anayi, ndipo lole yopita ndi theka la katundu imadya phindu lonse. Gululo likanathera pomwepo.

Bambo Lusekelo atamva kuti amake Tusa akufuna kutseka akaunti ya malemu, anabwera pa njinga yamoto. Kwawo katundu wa malemu sakhudzidwa mpaka abale atakumana kudzagawa zovala, ndipo tsikulo linali lisanafike. Anakumbutsa mlamu wawo kuti khasu la Gwakisa likadali pamene analisiya, nsapato zakenso.

"Ndiye dzina lake mulifafaniza bwanji, mlamu, dothi la pamanda lisanaume?"

"Sindifafaniza, alamu. Malaya ake ali m'sutikesi, sitinagawe. Koma sitinalole msika wonse kuwavala."

Bambo Lusekelo anayang'ana seva ija nthawi yaitali, ikulira pang'onopang'ono pa shelefu. Kenako anangopempha madzi akumwa.

Masana omwewo amake Tusa analowa komaliza ndi dzina la mwamuna wake. Anapatsa akaunti yakeyake mphamvu zonse, anachotsa Gwakisa m'magulu onse, n'kusintha mawu ake achinsinsi. Makinawo anafunsa ngati watsimikiza. Anadina kuti inde. Mafoda onse anatsala akuonetsabe kuti mwini wake ndi Gwakisa, ndipo zimenezo anazisiyira abale.

Lachitatu m'mawa tsamba lija linalibe kanthu. Anakhala pampando akuliyang'ana mpaka mkaka unasefukira pamoto. Apa m'pamene analira kulira kumene sanalire ku Tukuyu.

Foni ndiyo inamudzutsa. Amalonda khumi ndi mmodzi anali ataiwala mawu awo achinsinsi, poti onse ankalowera pa malemu. Anawauza kuti abwere Lachinayi mmodzimmodzi, aliyense adzasankhe atsopano iye atayang'ana kumbali. Akatha zimenezo apanga gulu la anthu atatu okha osintha mitengo: iye, mayi Ndimbumi ndi bambo Lusekelo. Lachisanu apakira malole.