Ndinajambula Mkwatibwi ndi Kamera Yakufa

Inu owerenga, ine ndinanamiza bambo wodwala pa tsiku la ukwati wa mwana wake. Chimene chinandichititsa zimenezi si mowa kapena umphawi, koma nsanje yeniyeni, ndipo mpaka lero ndikakumbukira ndimachita manyazi.

Ndine wojambula zithunzi kuno ku Livingstone, ndimakhala ku Nakatindi. Kwa zaka zambiri ndinkagwira ntchito ndi kamera yakale ya DSLR, ya sensa yaikulu (kachipangizo ka m'kati kogwira chithunzi), chimkamera cholemera ngati njerwa. M'kati mwake muli kagalasi kamene kamalira kuti khwa ukadina, moti wojambulidwa amadziwa kuti zatheka. Batire yake inkandifikitsa madzulo, ndipo mawaza a ku mathithi a Mosi-oa-Tunya sinkawaopa. Ndinalibe nayo dandaulo mpaka tsiku limene Mubita anabwera ndi yake.

Mubitayu anali dalaivala wa takisi, ndipo ndine ndinamuphunzitsa kujambula, n'chifukwa chake amanditchula kuti ba ticha. Tsiku lina anatulukira ndi kamera yatsopano, ya mtundu uja wopanda kagalasi m'kati. Inali yaing'ono, yopepuka, yodzipezera yokha diso la munthu, komanso yotha kujambula osamveka ngakhale pang'ono. Posakhalitsa loji ina inayamba kumuitana kuti azijambula alendo. Anthu amene ndinkawajambula kuyambira kale anayamba kundifunsa kuti nanga ine yangayi ndiisintha liti. Ndinkaseka nawo, koma mumtima ndinkapsa. Munthu amene ndinamuonetsa pogwira kamera andipose ine?

Nditanena zogulitsa yanga, mkazi wanga anandifunsa kuti yalakwa chiyani. Mubita nayenso anandiletsa.

"Ba ticha, musagulise iyi. Ni kamera ya manzi iyi, yanga siimakwanisa ku mathithi."

Ankatanthauza kuti yangayo siopa madzi, koma ine ndinamva ngati akufuna kuti ndikhalire kumbuyo iye azidya yekha. Ndinapita nayo kusitolo ina m'tauni, n'kuisinthanitsa ndi yopanda kagalasi yogwirapo kale ntchito. Linali Lachiwiri limenelo, ndipo Loweruka lake ndinali ndi ukwati. Sindinafunse Mubita chilichonse cha kagwiritsidwe kake. Mphunzitsi angakafunse bwanji kwa wophunzira wake? Mmenemo ndi mmene ndinkaganizira.

Ukwatiwo unali wa Namakau, mwana wa ba Sitali a ku Nottie Broadie. Banja limeneli ndinalijambula pa ubatizo, pa maliro a mayi a m'nyumbamo, paliponse. Ba Sitali anali atadwala nthawi yaitali, atatheratu thupi, koma anandiitana n'kundiuza chimene ankafuna. Pabalaza pawo panali chithunzi chakale cha iwo ndi malemu akazi awo ataima ku mathithi. Ankafuna china chotero, malo omwewo, ali ndi mwana wawo atavala diresi la ukwati. Zithunzi zina zonse, anatero, ndi za anawo, koma chimenechi n'chawo.

Kutchalitchi zinayenda bwino, ndipo ndinkayenda monyada ndi kakamera kanga kachete. Masana tinapita ku mathithi. Inali nyengo ya madzi ambiri, mvula itangotha kumene, pamene mawaza amagwa ngati mvula yeniyeni. Ba Sitali anawayendetsa pang'onopang'ono atawagwira mbali zonse, akupuma pafupipafupi, mpaka pamalo paja. Ndinaona kuti lenzi imene ndinali nayo sikwanitsa kutenga anthu ndi madzi omwe, ndiye ndinachita zimene manja anga anazolowera. Ndinatembenuka, n'kuimasula kuti ndiike ina.

Apa ndi pamene panali umbuli wanga. Pa kamera yakale ija ukachotsa lenzi, kagalasi ndi chotseka zimabisa sensa. Pa iyi sensa inali pamtunda, poyera. Mphepo inabweretsa mawaza n'kuwathira m'kati momwemo. Ndinayesa kupukuta ndi mpango, ndinangowonjezera. Nditabwezera lenzi, kamera inaphethira kawiri n'kuzimiratu. Ndinachotsa batire n'kubwezera, koma ayi ndithu.

Nditadzutsa mutu ndinaona Mubita chapafupi, ali ndi alendo ake atavala malenikoti. Pakhosi pake panali kamera yanga yakale, ndinaidziwa ndi lamba wake amene mkazi wanga anasoka. Anali atakaigula kusitolo kuja, yake yatsopano ataisiya kunyumba chifukwa cha madzi. Anandiyang'ana kamodzi n'kudziwa kuti zavuta. Anabwera pafupi n'kundionetsa kamera ija kuti ndijambulire, akulankhula motsitsa mawu kuti ena asamve.

"Tengani iyi ba ticha, ni yanu kudala. Mukopeko chabe."

"Nili che bwino, yangana bantu bako," ndinamuyankha.

Inu owerenga, ndikanangotambasula dzanja nkhani ino sikanakhalapo. Koma kulandira kamera yanga yomwe kuchokera m'manja mwa Mubita, anthu akuona, ndinaona ngati imfa. Ndiye ndinakumbukira kuti tsiku lonse kamera yangayi sinalire, ndipo palibe amene akanadziwa kuti yafa. Ndinaiika kumaso, m'kati muli bii, n'kuyamba kulamula anthu. Ndinauza Namakau kuti atsamire paphewa la bambo ake, ndinauza ba Sitali kuti akweze chibwano, ndinagwada, ndinaimirira, ndikudina batani lakufa. Mkuluyo anaima osagwiridwa, akumwetulira kamera yopanda kanthu.

Tikubwerera anandigwira dzanja n'kufunsa za zithunzizo kuti, "Mwatikopa bwino, mwana wanga?" Ine ndinati zatuluka bwino kwambiri.

Zakutchalitchi zinapulumuka pa khadi la m'kamera, ndinazipereka. Za ku mathithi ndinkangoti ndikuzikonza. Ba Sitali anatumiza uthenga kawiri kufunsa chithunzi chawo, ine n'kumazemba. Ndinkadzinamiza kuti akapezako bwino ndidzapeza chifukwa chowatengeranso kumeneko. Sanathe mwezi, anamwalira asanachione.

Maliro atatha Mubita anabwera kunyumba ndi envelopu muli chithunzi. Anati tsiku lija, ataona kuti ndakana, anajambula kamodzi ali chapambali, koma ankaopa kundipatsa poganiza kuti ndimukalipira. Anati ndikapereke ngati changa, iye sadzauza munthu. Chithunzicho chinali chokongola moti chinandiwawa. Bambo ndi mwana akuseka, madzi oyera kumbuyo kwawo, ndipo chakumphepete ndikuoneka ine, nditagwada, ndi kamera yakufa kumaso. Ngakhale pamenepo, ndisabise, chimene chinayamba kundibwerera si kuthokoza, koma nsanje yomwe ija, yoti bwanji wajambula bwino chonchi.

Sindinathe kuchipereka ngati changa. Ndinapita kwa Namakau n'kuulula zonse. Sanandikalipire. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anangoti bambo ake ankafunsa chithunzichi mpaka sabata yomaliza, n'kundiperekeza kugeti. Banja limenelo silinandiitanenso.

Kamera yopanda kagalasi ndinaikonzetsa, ndipo ndi yabwino, sindingainamizire. Kwa inu amene mukusankha pakati pa yakale ndi yatsopano, yang'anani kaye malo amene mumagwirako ntchito, osati chimene chili pakhosi pa mnzanu. Mukagula yatsopano, iphunzireni musanapite nayo pa tsiku la munthu limene silidzabweranso, ndipo funsani ngakhale kwa amene munamuphunzitsa. Zikakuvutani pantchito nenani pomwepo, manyazi a mphindi imodzi amapola.

Chithunzi chija anachipachika pabalaza pafupi ndi cha mayi awo. Ndinamva kuti Namakau anakana kuti adule mbali imene ndili ine.