Dothi la ku Balaka

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene mliri wa korona unatitsekera m'kafulati kathu ku International City, ku Dubai. Bambo anga anali dalaivala wa basi ya antchito, ndipo mabasi ataima, munthu wamkulu uja anasowa chochita. Anatulutsa kasitima kachidole kamagetsi komwe abwana awo anataya, n'kukhomera njanji yake pathabwa lomwe linalanda theka la pabalaza. Amayi ankadandaula kuti tsopano ali ndi ana awiri.

Bambo ankamanga siteshoni ya ku Balaka, komwe agogo anagwirako ntchito ya njanji. Ine kumeneko ndinachokako ndili kumsana. Milambe tinkaipota ndi waya, udzu unali siponji yonyenyanyenya yopaka utoto.

Ntchito yanga inali yothira timiyala m'njanji. Tinkasefa mchenga ndi sefa ya tiyi, n'kutsala ndi tokhakhala tokhatokha. Ndinkathira ndi supuni, kusalaza ndi burashi, kuwaza madzi a sopo, kenako kudontheza guluu wosungunula ndi madzi. Ndine waphuma chibadwire, ndiye zodontheza dontho limodzilimodzi zinkandiwawa kwabasi.

"Pang'onopang'ono, Asiyatu," ankatero bambo. "Guluu akauma, khalas, basi. Sabwerera m'mbuyo."

Pamwamba pa kabati panali botolo la jamu lodzaza dothi lofiira, lomwe anatapa pakhomo pa agogo. Ndinawachonderera kangapo kuti tilithire pa siteshoni, poti mchenga wa ku Dubai ndi wotuwa. Anakana kwamtuwagalu. "Limenelo ayi. Usaligwire."

Kenako anayamba kutsokomola. Ambulansi inabwera masana ndi anthu ovala zoyera thupi lonse, ndipo sanatilole ngakhale kuwagwira dzanja. Tsiku lachinayi bambo anandifunsa pafoni, akupuma movutikira, ngati njanji yatha.

"Ababa, mukabwera mudzapeza Balaka weniweni."

"Inshallah, mwanangu."

Nditangodula foni ndinakwera pampando n'kutsitsa botolo lija. Ndinathira lonse, kuzungulira siteshoni ndi pansi pa milambe, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinadontheza guluu mofatsa monga anandiphunzitsira. Zinakongola, sindinama. Amayi nawonso anali chigonere ndi malungo, sanaone kanthu.

Bambo anamwalira patatha masiku asanu. Ndege zinali zitaima, moti maliro sakanapita kumudzi. Mnzawo wa kumzikiti, a Saidi, anabwera n'kuima pakhomo atavala masiki.

"Alamu, pepani. Malemu anandiuza za botolo. Anati akadzamwalirira kuno, tidzawathire dothi lakwawo m'manda. Galimoto ikudikira pansipa."

Amayi anatsitsa botolo, lili mbee. Anayang'ana thabwa, kenako anandiyang'ana ine. Ndikanakonda akanandimenya. Anangopita kukhitchini n'kubwera ndi mipeni iwiri, umodzi n'kundipatsa.

Tinapala Balaka uja titagwada. Dothi linali litauma gwa ngati simenti, ndipo linkachoka zibenthu zosakanikirana ndi utoto ndi siponji. Milambe inazuka. Ndinalira mpaka osaona pomwe ndikupala. Zomwe tinapeza sizinadzaze ngakhale chikhatho cha a Saidi. Anazikulunga m'kampango n'kutsika masitepe okha, poti akazi kumanda sitipita.

Ndinatenga dothi lija chifukwa chowakonda, zimenezo n'zoona, koma sizinandichotserepo ululu ngakhale tsiku limodzi. Chomwe ndikumvetsa tsopano n'chakuti munthu akakuletsa chinthu osanena chifukwa, nthawi zina chifukwacho chimakhala cholemera moti sangamusenzetse mwana. Bambo ankadziwa kuti mwina kwawo sadzafikakonso. Ine ndinkangoona kufiira kwa dothi.

Thabwa lija ndidakali nalo. Kasitima kamayendabe, ndipo timiyala tija sitinasunthe n'kamodzi komwe. Pa siteshoni pokha ndi pomwe pali dazi, ndi zipsera za mipeni iwiri. Alendo amandiuza kuti ndithirepo mchenga pakongole. Ndimangowayankha kuti dothi la pamenepo lili ndi bambo anga.