Njanji ya amayi inathera pamoto

Ndinadzuka tambala woyamba asanalire. Kunena zoona sindinagone, ndinangotsamira nkhokwe nditafunda bulangete. Unali mwezi wa Juni, ndipo nkhungu inali itatsika kuphiri mpaka pabwalo. M'nyumba azimayi a mpingo ankaimbabe motsitsa mawu. Amuna anali atazungulira moto, ena akuodzera.

Maliro anali a mlongo wanga Marita, chitsirizira m'banja mwathu. Ankaphunzitsa ku yunivesite, m'dipatimenti yosula achinyamata othandiza anthu olumala ndi ofa ziwalo kuti azithanso kuvala, kudya ndi kusamba okha. Ine ntchitoyo sindinkaimvetsa. Ndinamufunsapo ngati sukulu yonse ija inali yoti azikulunga mphira pamasipuni. Anangoseka.

Amayi athu atagwidwa ndi sitiroko, dzanja ndi mwendo wakumanja zinafooka. Anakhala pamphasa miyezi yambiri, tikuchita kuwanyamula. Kenaka Marita anabwera ndi ophunzira ake. Anayeza msinkhu wa amayi, nadula mitengo ya bulugamu, naizika mondondoza kuyambira pakhomo mpaka kuchimbudzi, pamwamba nakhomera ina yopingasa yogwirira. Tinkaitchula kuti njanji ya amayi. Pamenepo ndi pamene amayi anaphunziriranso kuyenda.

M'mawa umenewo, ndikuzungulira kuseri, ndinapunthwa padzenje. Nditaunika ndi foni ndinaona maenje okhaokha. Njanji panalibe. Ndinakumbuka kuti nkhuni zitatha, alendo ochokera ku Mayani anandifunsa koti apeze zina. Ine, mutu uli pa zina, ndinati atole chilichonse chouma. Iwo anaiyesa mpanda wosamaliza. Nditabwerera pamoto ndinaona misomali itafiira m'makala. Moto umenewo nanenso ndinauotha.

Kutacha adzukulu ananyamuka ndi makasu kupita kumanda. Azimayi anayala mafuwa kuseri kwa khola, ena akusenda kachewere, ena akudula kabichi. Anthu anayamba kufika kuchokera ku Kasina ndi ku Kaphuka, panjinga ndi wapansi, atavala majekete awiriawiri.

Nthawi imeneyo ndi pamene azimayi awiri anawanyamula amayi m'chitenje kupita nawo kuchimbudzi, kudutsa pamaso pa amuna onse. Anachita mwachifundo. Amayi anali atatsinzina njira yonse. Patapita kanthawi mkazi wanga anandiitanira pambali.

"Amayi akana phala. Ndi madzi omwe akana."

Ndinadziwa tanthauzo lake. Njanji isanamangidwe anachitapo zomwezo. Analeka kumwa kuti asamanyamulidwe, mpaka tinakawagoneka kuchipatala. Ndinapita kwa amalume, eni mbumba, kukapempha kuti tidule mitengo ina.

"Dzenje lokumba lero ndi limodzi," anatero. "Ukufuna anthu azinena kuti tikumanga pamaliro?"

Sanalakwe.

Basi ya ku yunivesite inafika cha m'ma teni. Munatsika aphunzitsi ndi ophunzira ambiri, atanyamula nkhata. Ankawatsogolera mayi wamfupi wa imvi, mkulu wa dipatimenti. Anapepesa maliro mwa mwambo nakhala pansi. Mtsikana wina, mmodzi mwa amene anamanga nawo njanji, anayang'ana maenje aja, kenaka anayang'ana ine. Ndinazyolika. Ndinamuona akunong'oneza mkulu wawo.

Bokosi analitulutsa pabwalo kuti akatekisiti ayambe mapemphero. Nthawi yoona nkhope itakwana, amalume analamula kuti amayi anyamulidwe. Azimayi awiri aja ankayala kale chitenje pamene mayi wa imvi anagwada pakhomo.

"Amayi, inuyo mukufuna kupitako bwanji?"

Chiyambire dzulo lake panalibe amene anawafunsa kanthu. Lilime lawo limalemera, koma tonse tinamva.

"Ndiyende."

Mayiyo anapita kukagwadanso kwa amalume. Zimene anakambirana sindinazimve, ndinangoona amalume akugwedeza mutu mochedwa. Ophunzira anaima mondondoza kuchokera pakhomo, aliyense atagwira mkono wa mnzake, mikonoyo ili yopingasa ngati mitengo ija.

"Tsitsa mkono iwe, agogo ndi aafupi," anatero mtsikana uja kwa mnzake wamtali.

Amayi anaimirira. Anagwira mkono woyamba ndi dzanja lamanzere, nakoka mwendo. Akadutsa, otsala m'mbuyo ankathamangira kutsogolo kukalumikiza mzere. Palibe amene anawakoka kapena kuwakankha. Kumbuyo kwanga bambo wina anang'ung'udza kuti ana a sukulu ayambitsa zisudzo pamaliro. Kwaya inabwereza nyimbo imodzi katatu. Amayi atafika pabokosi anaika dzanja pagalasi, naima pamenepo osalira. Anabwereranso m'nyumba chimodzimodzi.

Kumanda tinapita kukuwaza mvula yamawawa. Njira yake ndi yokwera ndiponso yoterera, moti onyamula bokosi ankasinthana pafupipafupi. Mkulu wa dipatimenti sanatalikitse mawu. Anati Marita ankauza ophunzira kuti asamachitire munthu chimene angathe kuchita yekha, ngakhale zitenge tsiku lonse. Ine maganizo anali kunyumba. Dothi likugwera pabokosi la mlongo wanga, ndinkawerenga maola amene amayi akhala osamwa madzi.

Titabwerako ndi kusamba m'manja, amalume anandiitana. Sananene zambiri. Analoza bulugamu wa m'munda mwawo nandipatsa chikwanje. Ophunzira anavula majekete, chakudya anadya ataimirira. Koma dalaivala ankaliza hutala, akuti msewu wafumbi ukanyowa basi situluka. Ophunzirawo anangokwanitsa kuzika mitengo isanu. Mayi wa imvi anatola khala nalemba mzere pakhoma, kusonyeza pamene chogwirira chiyenera kulekezera.

"Yotsalayo mumaliza ndinu," anandiuza. "Musachedwe. Mwendo ukazolowera mphasa subwerera msanga."

Pofika madzulo anthu ambiri anali atapita. Pabwalo panatsala phulusa, mabenchi a kutchalitchi ndi fungo la utsi. Azimayi ochepa otsala pasiwa ankayankhula chapansipansi m'chipinda. Njanji yatsopano inalekezera pakati pa bwalo, pamtengo wa pichesi, chimbudzi chili patali ndithu.

Ndinatunga madzi m'kapu ndi kukakhala pakhomo pafupi ndi amayi. Anali akuyang'ana mitengo isanu ija. Ndinawauza kuti amene analoleza kuti njanji isonkhedwe pamoto ndine. Sanatembenuke.

"Mawa umaliza?"

"Ndimaliza, amayi."

Analandira kapu ndi dzanja lamanzere. Anamwa pang'onopang'ono mpaka pakati, kenaka anandibwezera.

"Otsalawo mawa."

Ndinaika kapuyo pazenera, nditavundikira ndi mbale. Kenaka ndinatenga chikwanje cha amalume ndi kukachinola pamwala, kusanade.