Galimoto Yamatabwa ya Abambo

Ndikukumbukira fungo la penti. Mpaka lero ndikadutsa pamene munthu akupenta geti, mtima umabwerera ku Nellmapius, lokeshoni ina ya ku Joni, ku kachipinda kathu ka malata kuseri kwa nyumba ya Mma Selina. Chinali chaka cha 1998, kapena 1999, kaya, koma inali nyengo ya mphepo ija imadzaza fumbi m'mano. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi. Sukulu ndinali nditasiya kuti ndizisamala Amayi.

Amayi ankadwala matenda aja ankatha anthu nthawi imeneyo. Dzina lake sitinkalitchula, tinkangoti chifuwa. Kuchipatala anali atatiuza mwaulemu kuti tizikawasamalira kunyumba, ndipo tonse tinamva tanthauzo lake. Amayi nawo anamva. Anapempha chinthu chimodzi chokha, kuti akafike kwathu ku Ntcheu akuonabe ndi maso awo, akapereke moni kwa abale ndi pakamwa pawo. Pa basi sakanatha, chifukwa kukhala tsonga kunkawavuta.

Abambo ankagwira ntchito ya m'maluwa ku Faerie Glen, kwa mzungu wina wokalamba amene tinkangomutchula kuti Oubasi. Mkuluyo atamva za vutoli anawapatsa galimoto yake yakale imene inkangokhala pansi pa mtengo. Inali siteshoni wagoni, zazitali zija zoti ukapinda mpando wakumbuyo matiresi amalowa bwinobwino. Injini inali yamoyo. Koma thupi lake, eish. Penti inali itasupuka ngati khungu la buluzi, padenga pali dzimbiri, mtundu wake sunkadziwikanso. M'mbali monse munali zangati matabwa, zofiirira, zamizeremizere. Abambo anazikonda kwambiri zimenezo. Ankaitchula kuti galimoto yamatabwa, ngakhale ankadziwa kuti ndi pulasitiki womata chabe. Ankati kwathu palibe amene anaonapo yotere.

Mwina wina afunsa, bwanji osangonyamuka nayo momwemo? Inenso ndimadzifunsa. Koma munthu wochokera ku Joni sabwera kumudzi ngati wothawa moto. Abambo anali atakhala zaka zambiri osapita, anthu atayamba kuwatchula mtchona. Tsopano ankabweza mwana wa eni ake ali wodwala. Ankati akapita naye pa chiphapha, akuchikazi adzati taonani mmene wamusungira. Ndiye anati ipentedwe kaye.

Ntchitoyo tinkaigwirira ku Capital Park, pabwalo la a Mbewe, mnzawo wa Abambo wa ku tchalitchi, chifukwa kwathu kunalibe malo. Mwana wamwamuna m'banja mwathu munalibe, ndiye wopala ndinali ine. Masiku amenewo Mma Selina ndiye ankatsala ndi Amayi. Tinkanyowetsa sandipepala mu ndowa n'kumakhula mpaka zala kutuluka timagazi. Madzi ankatsika oyera ngati a mpunga. Abambo sankayankhula zambiri, ankangoimba chapansipansi nyimbo za m'buku, ndime imodzi yomweyo kubwerezabwereza. Matabwa aja tinawaphimba ndi nyuzipepala ndi tepi kuti penti isawakhudze.

Penti yake inali yotsala pamene Oubasi ankapentetsa mpanda wachitsulo. Yakuda, yowala. Abambo anasangalala nayo, anati magalimoto a nduna amakhala akuda. A Mbewe anavomereza. Pajatu kwathu kumudzi maliro tinkanyamula pamapewa, akachokera kutali amabwera pa lole. Galimoto yakuda kwa iwo inali ya anthu akuluakulu basi. Ine ndinali nditaonapo zina zotere zonyamula maliro m'misewu ya kuno, koma maganizo sanandifike. Ndinkangoona kuti Abambo akumwetulira, chinthu chimene chinali chitasowa m'nyumba mwathu.

Anapenta ndi burashi, pang'onopang'ono, lilime lili panja. Itauma tinachotsa nyuzipepala, iwo n'kupaka vanishi pa matabwa aja mpaka kuwala ngati tebulo la kwa abusa. Kunena zoona inakongola.

Tinapita nayo kunyumba Lachisanu chakumadzulo, dzuwa likadalipo. Apa ndiye panali cholakwa chachiwiri, choyamba chinali penti yakuda ija. Kuno ku malokeshoni, Lachisanu madzulo ndi pamene thupi limabwera kunyumba kuchokera kumochale, kuti ligone pakhomo, Loweruka akaike. Abambo ankadziwa zimenezi, koma tsiku limenelo mutu wawo unali pa fumbi. Misewu ya ku Nellmapius inali yadothi, ndiye ankayendetsa pang'onopang'ono kwambiri kuti fumbi lisamatirire pa vanishi. Anayatsanso nyali kuti anthu aone kuti zonse zikugwira ntchito.

Anyamata amene ankasewera mpira anaima n'kupatuka. Bambo wina pa sipaza, kagolosale ka pakhomo, anavula chipewa. Abambo anandigunda ndi chigongono, amvekere waona ulemu wake? Iwo n'kumakweza dzanja kuyankha. Wina anavulanso chipewa, wina anaweramitsa mutu. Apa ine ndinayamba kuzindikira zimene anthuwo ankaganiza.

Titaima pakhomo, amayi oyandikana nafe anali atayamba kale kutuluka, mipango kumutu, mabulangete pamapewa. Onse ankadziwa kuti kuseri kwa Mma Selina kuli wodwala. Mma Selina mwiniyo anali atapita kokagula palafini, ndipo pobwera anaona galimoto ndi anthu, n'kugwetsa botolo. Sanafunse. Anangoyamba nyimbo ya maliro ya Chisepedi, enawo n'kulandira. Abambo anaima ndi makiyi m'manja, kukamwa kuli yasa.

Kenaka chitseko cha malata chinalira. Amayi anatuluka atagwira khoma, atafunda chitenje, owonda ngati bango. Nyimbo inaduka pakati. Mayi wina anakhala pansi mwadzidzidzi. Amayi anayang'ana anthuwo, n'kuyang'ana galimoto nthawi yaitali, kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, kuda kwake ndi matabwa owala aja.

"Bambo a Esnati," anatero, "mwandigulira ndi bokosi lomwe?"

Ena anaseka mwamanyazi, Mma Selina anayamba kupepesa m'zinenero zitatu. Amayi anamwetulira pang'ono n'kubwerera m'nyumba. Abambo sanaseke. Anakhala pa kreti pafupi ndi tayala mpaka anthu onse anabalalika.

M'mawa mwake ndikuwasambitsa, Amayi anandiuza kuti sakwera galimoto imeneyo. Sanakalipe. Anati imfa sakuiopa, anagwirizana nayo kale. Koma ikakalowa m'mudzi galimoto yotere, poti nakonso kumeneko alipo amene anakhalapo m'tauni, wina adzayamba kulira iwo asanatsike, ndipo amayi awo adzamva kulirako asanaone nkhope yawo. Anati, "Ndikufuna akandilandire, osati akandilire. Kulira adzalira pambuyo." Anandituma kuti ndikawauze Abambo, chifukwa iwo sakanatha kuwayang'ana kumaso atavutika chonchija.

Ndinawapeza Abambo akupukuta galasi limene linali loyera kale. Ndinagwada n'kunena zonse monga anandiuzira. Anapitiriza kupukuta galasilo. Ine ndinkaopa kuti anena kuti nthawi yatha, chifukwa inalidi itatha. Amayi anali atayamba kukana ngakhale phala. Tsiku lililonse lopenta linali tsiku lochotsedwa pa masiku awo, ndipo tonse atatu tinkadziwa. Abambo anangoti ndiwatengere mpeni wakukhitchini.

Anayamba ndi matabwa awo aja. Analowetsa mpeni pakona n'kukoka, pulasitiki n'kumasupuka ngati khungwa la nthochi. Sindinawaonepo akugwira ntchito ndi nkhope yotero. Koma pansi pake panatuluka chinthu chimene sitinkayembekeza. Penti yoyambirira ya galimotoyo inali ikadali yatsopano, yosaonapo dzuwa, yobiriwira mopepuka ngati tsamba lanthete la chimanga. Amayi anali atakhala pakhomo pa mpando, ndipo ataona anakweza chala. Anati imeneyo.

Penti yobiriwira tinalibe. Lamulungu a Mbewe ananena nkhaniyi ku tchalitchi, ndipo amayi a kumeneko, ambiri ogwira ntchito m'nyumba za azungu, anayamba kupempha zitini zotsala m'magalaja a mabwana awo. Zinabwera pa taxi, m'majumbo, zina zotsala pang'ono pansi, zina zouma pamwamba ngati chikopa. Abambo ankanunkhiza chitini chilichonse, ya mafuta uku, ya madzi uko, chifukwa ziwirizi sizisakanizika. Yobiriwira yeniyeni inali yochepa. Anathiramo yoyera, yachikasu, ndi kabuluu pang'ono, n'kutakasa ndi ndodo mu ndowa ya Mma Selina, n'kusefa ndi sokosi yakale.

Ulendo uno tinapentera pakhomo pomwepo. Mma Selina anamanga mpango n'kugwira sandipepala, anati ndi amene anayambitsa nyimbo ndiye ayenera kulipira. Anyamata a mpira aja ankathira madzi mumsewu kuti fumbi lichepe. Silinachepe kwenikweni. Penti yakuda ija inkaonekerabe, tinachita kupaka kawiri, pena katatu. Mtundu umene unatuluka sunafanane ndi woyamba uja. Unali ngati mkati mwa peyala. Mizere ya burashi inkaoneka, ndipo pa boneti panamatirira ntchentche imene inapita nafe mpaka ku Malawi.

Amayi ankayang'anira ali pampando, atafunda bulangete, n'kumaloza pamene tasiya. Tsiku lomaliza anapempha kuti ndiwagwire dzanja tikaione pafupi. Anafuna kudziwa ngati yauma, ndiye anadinda chala chachikulu pa chitseko chakutsogolo. Inali isanaume. Chala chinasiya chidindo, mizere yake yonse kuoneka. Abambo anabwera ndi burashi kuti afafanize, kenaka anaima, n'kubweza burashiyo mu ndowa.

Za ulendo sindinena zambiri. Unali wautali, wotentha, ndipo ku Tete ndinaganiza kuti tawataya. Njira yonse anagona pa matiresi kumbuyo, mutu uli pamwendo panga. Koma titasiya tala n'kulowa msewu wakumudzi, anauza Abambo kuti aime. Ndinawapukuta kumaso, ndinawamanga duku yatsopano, tinawanyamula n'kuwakhazika kutsogolo. Analowa m'mudzi atakhala tsonga, galasi lotsitsa, dzanja lili panja. Ana anathamangira galimoto akukuwa, azimayi analulutira. Agogo anatuluka m'nyumba n'kumva mwana wawo akuwapatsa moni ndi pakamwa pake. Palibe amene analira tsiku limenelo.

Amayi anakhala ndi moyo mpaka mvula yoyamba. Mango anadyako.

Abambo anawatsatira patapita zaka zochepa. Ine ndinabwerera kuno ku Joni, ndipo ndikugwira ntchito ya m'nyumba ku Faerie Glen komwe kuja. Zinthu zinasintha. Matenda aja tsopano ali ndi mankhwala, anthu akumwa n'kumagwira ntchito, ndipo ndikaganiza kuti Amayi anangotsala pang'ono kuwapeza, ndimasiya kaye zimene ndikuchita. Misewu ya ku Nellmapius yambiri ili ndi tala. Galimoto sapentanso ndi burashi, amapopera. Mmalawi akamwalira kuno timauzana pafoni, thupi limapita pa ngolo yokokedwa ndi minibasi, mwadongosolo ndithu. Koma ndimaona kuti ambiri timadikira mpaka kupita chogona. Timati ndipita chaka chamawa ndikakonzeka, ndikapeza chooneka nacho. Abambo nawo anatsala pang'ono kuchedwa chifukwa cha chomwecho. Kaya ndikanakhala ine ndikanatani, sindidziwa.

Galimoto ija ikadalipo kwathu, kuseri kwa nyumba ya malume, ilibe matayala, nkhuku zimaikira mazira pa mpando wa dalaivala. Yobiriwira ikusupuka ndipo yakuda ija ikumasuzumira pansi pake. Ndikamapita kumudzi ndimatenga kachitini ka penti yobiriwira, ndimaphimba paliponse pamene yakuda yatulukira. Ana amandiseka, amati azakhali akupenta khola la nkhuku. Ndimawasiya aseke. Ndikafika pa chitseko chakutsogolo ndimazungulira ndi burashi mosamala, pamalo pa chala paja ndimasiya momwemo.