Maselo Amene Ankakana Kunenepa

Kuntchito onse amangowatchula kuti a Mabotolo, chifukwa analowa mu labotale muja ali mtsikana, ntchito yawo ili yotsuka mabotolo. Anatsuka mpaka imvi zinayamba kusuzumira m'mphepete mwa mpango. Madzulo ankapita kusukulu ya akuluakulu, ndipo atalandira pepala lawo lokhoza mayeso, abwana, mayi wamfupi wa magalasi, anawaitana.

"Mwezi uno ndikuyesani," anatero abwanawo, akuwapatsa timbale tapulasitiki. "Umu muli maselo ochokera m'kati mwa fupa la khoswe. Sanasankhebe chokhala. Akhoza kusanduka fupa, akhoza kusanduka mafuta. Inu muwauze akhale mafuta. Akanenepa, tebulo ili ndi lanu. Akakana, mubwerera ku sinki."

"Ndiwauze bwanji, bwana? Ali ndi makutu?"

"Ali nawo, pakhungu pawo. Mukathira mankhwala awa m'madzi awo, insulini ndi anzake, uthenga umagwira pakhungupo, n'kumapatsiridwa m'kati mpaka pakatikati pa selo. Lamulo loti liyambe kusunga mafuta limachokera kumeneko."

Tsiku limenelo a Mabotolo anafika kunyumba mapazi osagunda pansi. Amuna awo, oyendetsa basi, atamva anaseka mpaka kutsamwa.

"Mayi, ine mwandidyetsa zaka zonsezi, nthiti zikuwerengekabe. Ndiye mukanenepetse chinthu chosaoneka ndi maso?"

"Inu makutu mulibe, bambo. Awo ali nawo."

Maselo aja anawasamala ngati khanda. M'mawa, asanavule n'komwe juzi, ankayamba atsegula kabati yofunda mmene timbale tinkakhala. Koma a Mabotolo anakulira m'chipinda chimodzi ndi abale awo onse, phazi la mng'ono wawo lili pakamwa usiku wonse, choncho kupanikizana sankakufuna ngakhale pa chinthu cha eni. Akangoona pa maikulosikopu, makina oonera tinthu ting'onoting'ono, kuti maselo ayamba kukhudzana, ankawagawa msanga m'timbale tatsopano kuti apume. Kenako mankhwala aja thi, n'kudikira. Mwezi unafika pakati maselo ali chiwondere ngati timitengo ta machesi.

Abwana atatsegula kabati ija anapeza timbale tili mbwee mpaka shelefu yapansi.

"Ndinakupatsani towerengeka. Tonseti tachokera kuti?"

"Ankapanikizana, bwana. Ndinawamvera chisoni."

Abwana anavula magalasi, akugwira m'mimba ndi kuseka. "Mayi inu. Selo likamaona malo limangoganiza zoswana, uthenga wanu silikuumva. Asiyeni adzaze mbale, agundane mapewa, asiye kuswana. Pamenepo ndiye muwauze."

"Nanga nthawi ikwana?"

"Mwina. Koma mukangowagawanso, iwalani."

Masiku amenewo ndiye anali ovuta kuposa zaka zonse za pa sinki. Maselo anadzaza, anathinana, malo oponya singano kusowa, a Mabotolo manja ali m'matumba a chovala chawo choyera kuopa kuti angawapulumutse. Atathinana ndithu, anathira mankhwala aja.

Tsiku lomaliza la mwezi anathira utoto wofiira umene umagwira mafuta okha. Anatsuka kambale, n'kukaika pa maikulosikopu. Timitengo ta machesi tija panalibe. Panali maselo ozungulira, otukumuka, lililonse lodzaza timadontho tofiira psuu, tina tating'ono, tina tikulumikizana kukhala tatikulu.

"Bwana, tabwerani. Anenepa!"

Anthu anasiya ntchito zawo n'kufola kumbuyo kwawo, mlonda wa pageti yemwe, aliyense diso limodzi chitsinzinire. Abwana anayang'ana nthawi yaitali, akusuntha kambale uku ndi uku.

"Amva," anatero. "Samutsirani zinthu zanu pa tebulo ili. Lolemba tiyamba kuwauza za fupa."

Asanaweruke, a Mabotolo anagunditsa foni pa diso la maikulosikopu n'kujambula. M'basi ankangochitsegula chithunzicho, kutseka, kutsegulanso. Mayi wina amene anakhala naye pampando anasuzumira.

"Mikanda yokongola bwanji. Mwagula kuti, achemwali?"

"Si mikanda, mayi, ndi mafuta. Ndanenepetsa ndekha."

Mayi uja anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. A Mabotolo anasendera pafupi, n'kuyamba kufotokoza bwinobwino kuyambira pa fupa la khoswe. Pofika pa insulini, siteji yawo anali ataidutsa kalekale.